Tsiku Limene Ndinakalipira Mulungu

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Gondwe, ndimamva fungo la polishi wa nsapato. Anali atapuma kale ntchito ya boma, koma m'mawa uliwonse ankakhala pakhonde la nyumba yathu ku Area 15, atayala nyuzipepala yakale pamiyendo, burashi ikupita uku ndi uku, pakamwa pakutuluka Chichewa chosakanikirana ndi Chitumbuka cha kwawo ku Rumphi. Wodutsa ankaganiza kuti akukangana ndi mlendo, chonsecho anali mapemphero.

"Ambuye, ku Area 14 mwagwetsa mvula. Ife kuno tinalakwanji?"

Amayi ankachita manyazi. "Adada, anthu akumvatu."

"Amve. Si miseche iyi, ndikuuza mwini wake."

Ndili ndi zaka khumi, mng'ono wanga Tamanda anadwala malungo Lachiwiri, pofika Loweruka tinali titamuika m'manda. Pamaliro aliyense ankati ndi chifuniro cha Mulungu, ndipo mayi wina wakutchalitchi anandiuza kuti mwana wabwino safunsa Mulungu mafunso. Ndiye ndinangosiya kupemphera. Pa chakudya ena akatsinzina, ine ndinkayang'ana mpando wa Tamanda.

Agogo anandiona, paja nawonso sankatsinzina. Tsiku lina masana, amayi atapita kumsika ku Old Town, anandiitanira kuseri kwa nyumba komwe tinkayanika zovala.

"Iwe Wezi, wakwiyira ndani?"

Ndinatembenukira kumbali, koma agogo anapitiriza.

"Ngati ndi Mulungu, muuze. Ukafunsa ine ndikunamiza, chifukwa sindikudziwa."

"Si tchimo, agogo?"

"Ngakhale Mwana wake yemwe anamufunsa ali pamtanda. Ndiye iwe uope chiyani?"

Ndinayamba monong'ona, kenako mawu anakula okha. Ndinafunsa chifukwa chake anatenga mwana amene sanayambe n'komwe sukulu. Ndinafunsa ngati anandimva tsiku lomwe ndinagwada m'bafa n'kulonjeza kuti Tamanda akachira sindidzamumenyanso. Ndinakuwa mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa. Potembenuka ndinapeza agogo atavula magalasi, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Wakuyankha?" anandifunsa.

"Ayi."

"Inenso za imfa ya agogo ako aakazi ndafunsa zaka zisanu ndi zinayi tsopano."

"Nanga bwanji simusiya?"

Anapukuta magalasiwo ndi malaya. "Sanandithamangitsepo. Ndikamaliza kukalipa ndimapeza akadali pompo, akumvetsera."

Madzulo ake ndinapempha kuti ndipempherere chakudya. Linali pemphero lalifupi, lamwano pang'ono. Amayi anatsegula diso limodzi, koma anati ameni.

Lero ndine namwino, ndipo yankho la Tamanda sindinalilandirebe. Mayi akandigwira dzanja m'wodi, mwana wake ali pa mpweya, n'kundifunsa kuti, "Asisita, Mulungu akundichitiranji zimenezi?" sindimuuza kuti ndi chifuniro chake. Ndimakoka mpando, n'kunena kuti, "Sindikudziwa, mayi. Tiyeni timufunse limodzi."