Mtendere wa ku Chigayo cha a Nyirenda

Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a makina osokera litasakanikirana ndi utsi wa simbi yamakala, ndimapezeka ndili pakhonde la Che Yusufu, kuseri kwa msika wa pa Mzimba boma. Chinali chisanu cha chaka chimene makolo athu adavota kusankha pakati pa tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi nyali ya zipani zambiri. Chisanu chimenecho sichinali chamasewera. Mphepo yochokera ku Luwawa inkafika ndi mano. Ukapereka moni m'mawa, mawu ankauma m'malere n'kudzamveka masana dzuwa litatentha. Wokayika akafunse aliyense wa ku Mzimba. Ine sindinama, ndidakulira m'nyumba ya mphunzitsi.

Ife tinali obwera. Bambo anali mphunzitsi wochokera ku Dedza, amayi anali namwino pachipatala. Che Yusufu anali telala wa ku Mangochi, ndipo pashelefu pawo ankagulitsanso sopo, ulusi ndi mabatire. Bambo anali ndi wailesi yaikulu yogwira nyumba zoulutsira mawu zakunja, koma inkadya mabatire ngati fisi wakumaliro. Che Yusufu anali ndi mabatire koma analibe wailesi. Choncho bambo akaweruka kusukulu ankaikolekera m'khwapa ulendo wa kukhonde kuja. Waya wake ankaumangirira kumtengo wa gwafa, n'kutsitsa mawu mpaka kungotsala kanong'onong'o. Awiriwo ankagunditsa mitu pawailesipo, malori a matabwa a ku Chikangawa akudutsa ndi fungo la utomoni wa paini.

Nkhani yawo inali imodzi chaka ndi chaka: Aisraeli ndi Apalestina. Bambo, monga mkulu wa mpingo, ankadziwa dziko la Israeli ngati anali ndi dimba kumeneko. Che Yusufu anali kumbali ya mtsogoleri wa Apalestina, uja wa nsalu yamawangamawanga kumutu, amene chithunzi chake adachipeza panyuzipepala yokulungira sopo n'kuchimata pamwamba pa makina. Ankakangana mpaka tiyi kuzizira, kenako n'kutsanzikana bwinobwino. Ine ndinkaganiza kuti Palestina ali kutsidya kwa Engutwini, chifukwa sizikadatheka kuti anthu awiri adziwe chotere za malo osafikika pa njinga.

M'nyumba mwathu chaka chimenecho munali nkhani ina yaikulu kuposa Yerusalemu. Achemwali anga a Enelesi ankakwatiwa mwezi wa Okutobala, ndipo ine ndidasankhidwa kugwira mchira wa deresi lawo. Ndinkayeserera tsiku lililonse ndi chinsalu cha pabedi chomangirira kumpando. Nsalu yeniyeni yoyera, yochokera ku Lilongwe, bambo adaipereka okha m'manja mwa Che Yusufu. Iwo adaiyeza, adaidula, n'kuisunga m'bokosi lawo lachitsulo.

Patapita masabata angapo chichitikire voti, zinthu zidaonongeka. Ndinali pakhonde pomwepo ndikutola tizidutswa ta nsalu tosokera chidole. Wailesi idatchula za zokambirana za mtendere pakati pa Aisraeli ndi Apalestina zimene zinkangozungulira pamodzimodzi, ndipo bambo adapukusa mutu.

"Anthu ena ndi osayamika," adatero. "Awapatsa bata, misewu, zipatala, koma akufunabe chipwirikiti."

Che Yusufu adaimitsa phazi pamakina. "Aphunzitsi, bata la munthu womangidwa pakamwa si bata. Ngakhale mbuzi ya pachingwe imaoneka yofatsa."

Sadakuwe ayi. Che Yusufu adatsegula kumsana kwa wailesi, adachotsa mabatire awo limodzilimodzi n'kuwabwezera pashelefu. Bambo adamasula waya kugwafa, adanyamula wailesi yopanda moyo ija, n'kulumbira kuti phazi lawo silidzapondanso khonde limenelo. Che Yusufu adayankha kuti singano yawo sidzakhudza deresi, ndipo nsaluyo adzaitenge yekha yemwe adaibweretsa. Popanda deresi panalibe mchira, ndipo popanda mchira ine ndinalibe ntchito padziko lino.

Nkhondo yake inali yachete. Wailesi idakhala pakabati itafunditsidwa kansalu koluka ngati wodwala malungo. Bambo popita kusukulu ankazungulira njira ya kupositi ofesi, yaitali moti nsapato zawo zidatha zidendene pa mwezi umodzi, ndipo ndikulumbira kuti galu wathu adasiya kuwaperekeza. Kugula mabatire kwina adakana, ati anthu angaganize kuti akumva kuwawa. Ine ndinkadutsa dala pakhonde paja n'kumasuzumira bokosi lachitsulo. Pamwamba pake Che Yusufu adaikapo ketulo.

Amayi adapirira mpaka mitengo idayamba kuphukira masamba ofiira. Tsiku lina m'mawa adanditwika chimanga, iwo adasenza china, ngakhale mgolo wathu wa ufa unali wodzaza. M'njira adandiuza kuti chibwenzi cha bambo ndi Che Yusufu chinali ngati ukwati wopanda ankhoswe, ndiye chikasweka palibe wokhalira pakati. Kuchigayo cha a Nyirenda tidapeza Abiti Saidi, mkazi wa Che Yusufu, ali kale pamzere ndi kadengu kawo. Amayi awiriwo sadapatsane moni wautali. Adakhala moyandikana pathumba, pafupi ndi injini pomwe phokoso limagwedeza mano m'kamwa, n'kuyamba kulankhulana pakhutu.

Kuchigayo kunali kwanzeru. Pamsika makoma anali ndi makutu, ndipo masiku amenewo, ngakhale voti inali itachitika, boma linali lomwe lija. Koma m'chigayo ngakhale mwini mawu sadzimva. Tidapitako kambirimbiri nyengo imeneyo. Tidagayitsa mgaiwa, tidagayitsa mphale, tidagayitsa chimanga cha aneba, mpaka m'nyumba mwathu ufa udafika m'mabeseni osambira. Tinkabwerako titayera nsidze ngati mizukwa. A Nyirenda, bambo wamtali wa Chitumbuka, adazindikira msanga zimene zinkachitika. Akaona amayi awiri aja akhala pathumba, ankaonjezera moto wa injini dala. "Yowoyani waka, amama," ankatero, kutanthauza kuti angolankhula momasuka. "Ine makutu ghali kufwa kale."

Mfundo zake ndinkazitola pang'onopang'ono pobwerera. Bambo sangapite kukhonde, Che Yusufu sangabwere kwathu. Palibe wopepesa, chifukwa aliyense mwa iwo anali wolondola chibadwire. Abiti Saidi ankafuna bambo avomereze kuti Apalestina nawo ndi anthu oyenera dziko lawo. Amayi ankafuna Che Yusufu avomereze chimodzimodzi za Aisraeli. Atayesa kuwafunsa amuna awo kunyumba, aliyense adati ayambe mnzakeyo. Zokambirana zidaima, ndipo ine ndidalira ndi chinsalu changa cha pabedi.

Ndiye amayi adakumbukira chinthu chimene aliyense wokhala ndi aneba achisilamu amadziwa. Nkhuku yoti idyedwe ndi onse amazinga Msilamu. Madzulo ena akupakula chakudya, adauza bambo ngati nkhani wamba kuti a Nyirenda atithandiza kwambiri chaka chino, tiyenera kuwaphikira nkhuku Loweruka kuseri kwa chigayo, ndipo Abiti Saidi adzakhalapo.

"Nanga azinga ndani, bambo a Enelesi? Mukufuna mayi uja adzadye masamba okha ife tikutafuna?"

Bambo adati si iwo munthu wochititsa mlendo manyazi. Kwawo kuja Abiti Saidi adauza Che Yusufu kuti aitanidwa kukazinga nkhuku, ndipo munthu wopemphera sakana ntchito imeneyo. Palibe adapita kwa mnzake. Onse adapita kwa a Nyirenda.

Loweruka m'mawa amayi adandituma kukhola. Tinali ndi tambala wakuda wamkulu, wonyada, wa lipombo ngati chikhatho, amene kulira kwake kunkadzutsa anthu mpaka ku Chikangawa. Ndidamugwira ameneyo, poti alendo olemekezeka amawaphera tambala. Amayi atandiona adachita ngati ndanyamula njoka.

"Mubwezere msanga, iwe! Gwira thadzi lofiira lija."

Kuseri kwa chigayo kunali fumbi la ufa pa udzu ndi fungo la dizilo. Bambo adafika atavala jekete, wailesi ili m'khwapa, ati amapita nayo kokonzetsa. Che Yusufu adafika ndi mpeni wawo, m'thumba la mkanjo mukugundana zinthu zolemera, ati adangoiwala kuzitulutsa. Sadayang'anane. Koma nkhuku siizingidwa ndi munthu mmodzi. Bambo adagwira mapiko ndi miyendo, Che Yusufu adagwira mutu, adatembenukira koyenera n'kunena pemphero lawo motsitsa. Bambo adavula chipewa. Ntchito itatha, manja awo anali pa nkhuku imodzi, ndipo kuwachotsa osagwirana chanza kukadaoneka kupusa.

"Mwaonda, Aphunzitsi," adatero Che Yusufu.

"Njira ya kupositi ofesi ndi yaitali," bambo adayankha.

A Nyirenda adaomba m'manja n'kuthokoza m'Chitumbuka. "Yewo chomene! Mbwenu injini yane yipumulepo."

Nkhuku isanapse, mabatire anali atalowa kale m'wailesi. Masiku omwewo tidamva zodabwitsa: nthumwi za Apalestina ndi za Aisraeli zinali zikukumana mobisa m'dziko lina lozizira la ku Ulaya, ndipo mbali iliyonse idavomera kuti inzake ilipo. Posakhalitsa mtsogoleri wa nsalu yamawangamawanga uja adagwirana chanza ndi wa Aisraeli ku Amereka, dziko lonse likuonerera. Che Yusufu adapukuta maso ndi kachidutswa ka nsalu ya deresi. Malo ozizira, kukumana mobisa, akuluakulu kubwera kumapeto kudzangogwirana chanza: ndani sangaone kumene adaonera? Ine ndimanena poyera kuti adatengera kwa amayi anga, ndipo palibe wa ku Yerusalemu adabwerapo kudzanditsutsa.

Deresi lidasokedwa, ndipo mchira wake unali wautali moti achemwali atafika kuguwa ine ndinali ndikadali pakhomo la tchalitchi. Mbuzi za paukwati adazinga Che Yusufu, bambo atagwira miyendo.

Chanza cha ku Amereka chija sichidabereke zimene awiriwo ankayembekezera, ndipo adakalamba akukanganabe za icho pakhonde lomwe lija. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti adadana chifukwa cha Palestina, ndi kuti amayi adasankha thadzi chifukwa linali lonona. Ndidakula ndisanadziwe kuti bambo adavotera tambala ndipo Che Yusufu adavotera nyali, ndi kuti kwa zaka zonse zija nkhani za kwathu ankazikambira m'dziko la eni, poti kuno zinali zosakambika. Amayi ankadziwa. Sakadalola kuti bambo agwire miyendo ya tambala wakuda mnzawo atanyamula mpeni. Tambala uja adafa yekha ndi ukalamba, chaka chotsatira.