Kanjedza amene ndinatentha ndi zinyalala

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amake Chisomo, aneba athu ku komboni ya Kanyama. Ndinali nditachotsedwa sukulu mu giredi naini chifukwa chogulula dzino la mnzanga pa nkhani ya mpando. Iwo anamva kuti ku parishi akufuna munthu wa pabwalo, ndipo ananditengera kumeneko. M'njira anandiuza kuti, "Ukakamenya munthu kuja, usakabwelenso pa gate panga." Ine sindinali Mkatolika. Za m'tchalitchimo sindinkadziwa kalikonse.

Anandilandira Bambo Mfumu, mkulu wa ansembe awiri a pamenepo, munthu waimvi wokonda magambuti. Anandipatsa silasha, reki, fosholo ndi wilibala, nandipereka m'manja mwa akatekisiti, ba Zulu. M'mawa ndinkasesa ndi kutchetcha udzu. Mvula ikagwa ndinkatsegula ngalande, poti madzi a ku Kanyama sachoka okha. Loweruka kunali kukolopa ndi kupaka polishi yofiira pakhonde. Wansembe wamng'ono, Bambo Mwale, akamaliza Misa ankavula mkanjo n'kutenga fosholo inzake. Asisitere ankandisungira tiyi ndi banzi. Masiku amenewo ndimawasowa.

Lolemba lina mu Febuluwale ndinati ndidzionetse kuti ndine wakhama. Ndinalowa m'sitolo yosungiramo katundu wa parishi, n'kupezamo matumba anayi a masamba ouma, ena opindidwa ngati timitanda. Ndinawakankhira kudzala, n'kuwatentha pamodzi ndi mapulasitiki ndi zinyalala zonse za sabata.

Lachiwiri m'mawa ba Zulu anafika atanyamula theka la dramu ndi sefa.

"Iwe, masaka yanali mu stolo yali kuti?"

"Vinyalala vija? Ninavitentha dzulo."

Ba Zulu anakhala pasitepe. Masamba aja anali kanjedza wodalitsidwa wa chaka chatha, amene akhristu anabweza kuti awotchedwe, phulusa lake lidzapakidwe pamphumi pa Lachitatu la Phulusa. Lachitatulo linali mawa lake.

"Ndiye vuto yolemba nchito tuvigawenga twa mu msewu," anatero ba Zulu. "Mutu ulibe kanthu, monga amene anakubala."

Pa amayi anga pamenepo ndinaona mdima. Ndinakweza reki m'mwamba, ndipo ndikanaitsitsa, ntchito ikanathera pomwepo. Bambo Mfumu anatulukira pakati pathu, osathamanga n'komwe.

"Ika pansi, mwana wanga. Ba Zulu, munamuuza kuti masaka yaja ni ya chani?"

Ba Zulu anapukusa mutu.

"Naine sininamuuze. Ndiye kuti tatentha tonse atatu. Leta wilibala."

Anagawana komboni ngati akugawana Misa za Lamulungu. Bambo Mwale analowera cha kumsika, asisitere kumunsi, ine ndi Bambo Mfumu mbali ya madzi ambiri. Tinkagogoda khomo ndi khomo, kupempha kanjedza amene anthu amasomeka kuseri kwa mtanda kapena chithunzi pakhoma. Madzi ankafika m'mawondo. Mayi wina anaseka mpaka kugwira chitseko: "Ba Fada, ena apempha chopereka, imwe mupempha vimasamba?" Aliyense wofunsa chachitika n'chiyani, Bambo Mfumu ankangoyankha kuti, "Kanjedza wathu anaonongeka." Dzina langa silinatuluke pakamwa pawo ngakhale kamodzi. Mvula itayambanso, anavula jekete yawo n'kufunditsa wilibala, iwo n'kumanyowa.

Masana tinakumana pakhonde, ndipo Bambo Mfumu anandiuza kuti ndiotche ndine kanjedzayo. Kanjedza saotchera parafini kapena mapepala. Umaika pang'onopang'ono m'dramu, moto ukazima umadikira phulusa lizizire, kenako umalipera ndi supuni n'kulisefa kawiri mpaka lisalale ngati ufa. Ba Zulu anagwira sefa, ine ndikuthira. Tili choncho ndinati, "Munikhululukile, ba Zulu." Anayankha osandiyang'ana: "Naine ninalakwa pa amai ako. Thila bwino, utaya."

M'mawa mwake ndinaima kumbuyo kwa tchalitchi, tsache lili m'manja. Anthu ankatuluka ndi timitanda takuda pamphumi: amayi a kumsika, makondakitala, ana a sukulu, amake Chisomo amene. Phulusa lonselo linadutsa m'manja mwanga.

Ndinagwira pamenepo zaka zitatu. Bambo Mfumu anapuma ntchito, Bambo Mwale anawatumiza kwina, ndipo sindinawathokoze mokwanira. Anthu amaona ansembe paguwa atavala zoyera. Ine ndimawakumbukira ali m'matope, akupemphetsa masamba kuti akonze cholakwa changa.

Lero ndimawotcherera mageti ku komboni ya Garden, ndipo ndili ndi anthu awiri ondithandiza. Mtima wanga ukadali wapachala, sindinama. Koma wina akadula chitsulo molakwika, dzanja langa lisanakwere, ndimayamba ndadzifunsa ngati ndinamuuza. Nthawi zambiri ndimapeza kuti sindinamuuze.