Matayala anu a 26, achimwene

Lero Lachiwiri m'mawa tayala linaphulika ku Itepela, ndikuthamangira kuchipatala, mwana wanga Tamara ali kumbuyo thupi likutentha. Tinali pa njinga yanu yampikisano ija, imene ndinaiika kaliyala mutamwalira. Pomwepo ndinakumbuka tsiku lija munkatsuka tcheni ndi parafini ndi mswachi, ine ndikukukakamizani kuti mugule matayala akuluakulu a saizi 29 ngati anzanu a ku Cuamba. Munaseka: "Iwe, a 29 amathamanga, inde. Nanga akaphulika kumudzi, chubu uchipeza kuti?"

Chubu cha 26 ndinachipeza pa okala yoyamba, achimwene, pambali pa sopo ndi mchere. Namwino akuti ndi malungo, tikanachedwa zikanavuta. Tamara wabayidwa jakisoni. Panopa wagona, kutentha kwa thupi kwayamba kutsika.