Zipinda naini zomwe ndinamanga ndi pakamwa

Ndinali ndi zaka leveni, Sitandade 6, chaka chomwe ndinatsala pang'ono kuwaluzitsa nyumba amayi anga. Osati ndi moto ayi. Ndi pakamwa pangapa.

Kwathu ndi ku Bangwe, kumtunda kwenikweni komwe minibasi imafika ikutsokomola. Nyumbayo anaisiya malemu adadi isanathe: zipinda zitatu, khoma lopanda pulasitala, windo limodzi lotseka ndi njerwa podikira galasi lomwe mpaka lero likubwerabe. Amayi amagulitsa kaunjika kumsika, ndiye pa holide ndinkatsala ndekha ndi lamulo limodzi: geti osatsegulira munthu, olo anene kuti ndi mngelo.

Tsiku lina m'mawa kunagogoda abambo ena a shati yoyera, tepi yoyezera m'chiuno, fayilo m'manja. Anati achokera ku khonsolo, akulemba nyumba. Mpanda wathu ndi wa malata akale ataliatali, moti ankangoona denga basi. Ndinawayankhira pakabowo ka geti kuti amayi kulibe ndipo sinditsegula.

"Ukuchita bwino, mwanawe. Ingondiuza, nyumbayi ili ndi zipinda zingati?"

Tsoka lake, pakhonde la neba panali Tamanda wa m'kalasi mwathu, atabwera kudzacheza kwa azakhali ake. Kusukulu ndinali nditamuuza kale kuti kwathu ndi kwa mabwana. Ndinkamuona pakabowo paja, makutu ali tcheru ngati dishi ya TV.

"Naini," ndinayankha mokweza kuti amvenso a ku Limbe.

"Pansi ndi simenti?"

"Matailosi mpaka kubafa. Geza ya madzi otentha ilipo, siling'i ilipo. Kuseri kuli boyizi kota, muli matenanti atatu."

Cholembera chinkangothamanga. Kunena zoona ndinamva kukoma, chifukwa aka kanali koyamba munthu wamkulu kulemba mawu anga osandiuza kuti "Yankho, usamaname." Tamanda analowa m'nyumba nkhope itakwinyika ngati watafuna ndimu. Ine ndinaiwala zonse tsiku lomwelo.

Patapita miyezi ingapo kunabwera kalata. Amayi anaiwerenga ataimirira, kachiwiri atakhala pampando, kachitatu atakhala pansi. Kenako anaitana a Namacha, neba wathu amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki, kuti awamasulire. Ine ndinali kuseri kwa chitseko ndikupukuta mbale.

"Awa ndi mareti, mayi, msonkho wa nyumba," anatero a Namacha. "Aliyense wokhala ndi nyumba mumzinda muno amalipira, ndi za misewu, zinyalala ndi zina zotero. Koma amatengera mtengo wa nyumbayo. Ikakhala yodula, msonkhonso umakwera. Mtengo alemba apawu ndi wa nyumba ya bwana, osati ino."

"Nanga ndikalephera kulipira?"

"Imangokulirakulira. Mapeto ake ndi kukhoti, masherifu kudzanyamula katundu, mwinanso nyumba kugulitsidwa."

Ndinasiya kupukuta mbale. Ndinakumbukira shati yoyera ija, ndi cholembera chija chikuthamanga.

Masabata awiri otsatirawo sindifuna kuwakumbukira. Galimoto iliyonse ikamanga buleki pamsewu, ndinkathamangira pakabowo ka geti: masherifu aja afika. Ayironi ndi chithunzi cha adadi ndinazibisa m'thumba la makala. Ndinaonda makilo fifite, ngakhale ndinkalemera sate. M'kalasi aphunzitsi akatsegula rejisitala ndinkangoona fayilo, ndipo ndinkadziona ine ndi amayi titakhala pa matiresi pasiteji ya minibasi, Tamanda akudutsa akudya chipisi.

Koma choopsa kuposa masherifu anali amayi. Anasiya kuimba pochapa. Kumsika anayamba kupita wapansi. Masana ena ndinawapeza atagwira khoma la njerwa zija, akulankhula okha motsitsa ngati akuuza malemu adadi: "Munadzimana kuti tisakhale pa renti, lero ndiitaye ine?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma pakamwa pomwe paja panamanga zipinda sikisi mu mphindi imodzi, panakana kutulutsa liwu olo limodzi.

A Namacha ndi amene anawauza kuti munthu ukaona kuti mtengo walakwika, umatha kukadandaula kuti adzayezenso. Amayi ananditenga kuti ndikanyamule mapepala a puloti. Mzere wake unali wautali kuchokera pano mpaka Kameza. Titafika kutsogolo, mayi wina wa magalasi anatsegula fayilo n'kuyamba kuwerenga.

"Zipinda naini. Matailosi. Geza. Boyizi kota, matenanti atatu."

"Ya ndani imeneyo?" anafunsa amayi.

"Yanu. Apa analemba kuti geti inali yotseka, anafunsa amene anam'peza pakhomo. Pakhomo pamatsala ndani?"

Ndinamva fani ikuzungulira, ndinamvanso mawu ang'onoang'ono ngati a khoswe akuti, "Ndine." Amayi anatembenuka pang'onopang'ono ngati geti ya dzimbiri. Sanakalipe. Mu minibasi yonse ine ndinkangopemphera kuti bola andimenye zithe.

Sabata yotsatira abambo a shati yoyera anabweranso. Amayi anatsegula geti yonse mbali zonse ziwiri, n'kundipatsira ine nsonga ya tepi.

"Yankho, ayendetse alendowa. Yamba ndi geza."

Ndinaloza ketulo yomwe inali pa mbaula.

"Matailosi?"

Ndinaloza mkeka.

"Matenanti aja?"

Kuseri kunali khola, munali nkhuku zitatu. Abambowo anaseka mpaka kutsamira mpanda. "Izizi zimalipira mwezi ndi mwezi?" Amayi sanaseke. Anangoti, "Lembani zomwe maso anu aona, bambo. Za mwanayu musiye, ndizilemba ndekha."

Kalata yachiwiri inabwera ndi mtengo wofanana ndi nyumba yathu. Amayi anaiwerenga kamodzi kokha, ataimirira, ndipo tsiku lomwelo anaimba pochapa. Chithunzi cha adadi ndinachitulutsa m'makala chili bii, ndipo mbama yokhayo yomwe ndinalandira pa nkhani yonseyi inali ya chimenecho. Chilango chenicheni n'choti kuyambira pamenepo, nthawi yolipira mareti ikakwana, wokaima pamzere ndine, ndipo risiti ndimaisunga ngati satifiketi.

Pano ndamaliza Fomu 4, ndikudikira zotsatira. Kukokomeza sindinasiye, mwaona nokha. Koma ndinadziwa kuti m'tauni muno nyumba olo uimange wekha ndi thukuta lako, ili ndi msonkho wake, ndipo msonkhowo umatsatira zomwe zinalembedwa mufayilo. Bodza lomwe ndinanamiza Tamanda mwaulere, amene anatsala pang'ono kulilipira ndi amayi anga. Ndiye lero munthu akagogoda ndi fayilo n'kufunsa za zipinda, ndimatsegula geti yonse.

"Zitatu, bambo. Windo limodzi lilibe galasi. Lowani mudzawerenge nokha."