Mafuta a m'manja mwanga

Kwathu munthu wamkulu sumusiya atatuwa. Ukamusambitsa umamudzoza, apo ayi anthu amakunena. Nzeru imeneyi ndi imene ndinapita nayo ku Takoma Park, ku Amereka, kumene ndinkasamalira bambo wina wachikulire wodwala matenda oiwalaiwala.

Tsiku loyamba lomwe mwana wawo wamkazi anandiuza mosabisa kuti, "Inu ndinu wachitatu kudzawasamalira. Akakukanani inunso, ndikawasiya kunyumba ya okalamba. Ndatopa."

Kusamba sankavuta. Koma ndikangotsegula botolo la mafuta odzola, eee, nkhondo! Kukuwa, kundimenya manja. Tsiku lina zinandikwana, ndinawakalipira m'Chichewa poti sankamva: "Agogo inu, mukufuna muziyenda mbuu ngati mwagona paphulusa? Anthu aziti akukusamalirani ndani?" Ndinawagwira mkono mwamphamvu n'kuwapaka basi. Tsiku limenelo sanadye, ndipo mawa lake anakana kuti ndiwakhudze.

Mwana wawo atabwera ndinamufotokozera zonse. Iye anati, "Bambo anali msodzi wa nkhanu kunyanja yamchere ya kum'mwera. Chitsime cha mafuta cha pansi pa nyanja chitaphulika, boti lawo linasiya nkhanu n'kuyamba kutola mbalame ndi akamba omatika ndi mafuta akuda. Mbalamezo ankazitsuka ndi sopo wa mbale, nthenga imodziimodzi. Zambiri zinkawafera m'manja. Nkhanu sizinabwererenso ngati kale, ndiye ndinawatenga kudzakhala kuno. Dzina langa anaiwala, koma zimenezo ayi." Ponyamuka anati Lolemba ayamba kufunsa za malo kunyumba ya okalamba kuja.

Ndinachita manyazi, abale. Ine ndi ukhondo wanga wonsewo ndinali kuzunza munthu.

M'mawa mwake botolo ndinalibisa, koma manja anga ndinali nditadzola monga mwa masiku onse. Atawaona akunyezimira anandigwira dzanja. Ndinati lero ndimenyedwa. Ayi ndithu, anandikokera kusinki, anatsegula madzi ofunda, n'kuyamba kunditsuka ndi sopo wa mbale, chala chimodzichimodzi, akunong'ona kuti, "Usaope, usaope." Atatha anakulunga manja anga m'thaulo n'kuwagunditsa pachifuwa pawo.

"Mbalame iyi ikhala moyo," anatero. Tsiku limenelo anadya, ndipo za Lolemba zija sizinamvekenso.

Kuyambira pamenepo ndinkadzola dala m'mawa uliwonse kuti akapeze chotsuka. Nyengo yozizira manja anga anang'aluka ndi sopo uja, azimayi kutchalitchi mpaka kumandiseka kuti kodi ku Amereka kuno ndikulima? Ndinkangoseka nawo.

Sabata yawo yomaliza sankathanso kudzuka. Ine, mwa chizolowezi, ndinafika nditadzola. Anayang'ana manja anga, anayesa kutukula awo, koma anakanika. Misozi inayamba kutsikira m'makutu.

"Zachuluka," anatero. "Sindikwanitsa."

Ndinathamanga kukatenga beseni ndi sopo, ndinakhala pambali pa bedi n'kudzitsuka ndekha iwo akuona, chala chimodzichimodzi monga ankachitira. Ndinkalira ngati mwana. Nditatha ndinawaonetsa.

"Onani agogo, yayera. Ikhala moyo."

Anayang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anafunsa, "Nanga zinazo?"

Anamwalira patapita masiku atatu, pabedi pawo, m'nyumba mwa mwana wawo.