Lamba wa Makina a Amayi

Chidandidzutsa si mwana ayi. Anali makina osokera: tiki, tiki, tiki, pang'onopang'ono ngati munthu wotsimphina. Ndidamugoneka bwino mwana n'kupita pabalaza. Amayi anali pamakina awo, akuzunguza gudumu ndi dzanja chifukwa lamba panalibe. Lambayo adachotsa ndi Malume, ine ndikuona, ndipo sindidanene kanthu.

Amayi ndi telala. Asoka zaka makumi awiri ndi zisanu pakhonde la nyumba ino: mayunifolomu a sukulu, madiresi, zipi za mathalauza. Munthu akamalowa pageti amakhala atamuyeza kale ndi maso, tepi ndi yongotsimikizira. Chaka chatha adawapeza ndi khansa, bere lakumanzere n'kulichotsa. Bala lidapola. Adokotala adati dzanja la mbali imeneyo azilitambasula lisaume, ndipo ntchito ayambe pang'onopang'ono. Ndidamva ndi makutu angawa, poti woperekeza ndimakhala ine ndekha, khanda kumbuyo.

Koma abale athu amadziwa kuposa dokotala. Lamlungu lina adabwera gulu, adalowetsa makina m'nyumba n'kuwafunditsa nsalu ngati maliro. Malume, mchimwene wawo wa amayi, adachotsa lamba n'kuika m'thumba la jekete.

"Mlongo, uzipuma. Ife tilipo."

Alipodi! Lamlungu lililonse amadzaza mipando, amamwa tiyi wophika ine, n'kumanong'onezana amayi ali pomwepo, ngati kuchipatala adawachotsa makutu. Azakhali, mlongo wa malemu bambo, adadzipatsa ntchito yobweza makasitomala pageti: "Atelala sali bwino, pitani kwina." Koma likafika Lachinayi lokalandira mankhwala, tsiku lomwe amayi amabwerako akusanza njira yonse, mafoni onse amakhala othima. Tsiku lina ndidamva Azakhali akufunsa Malume kuti makinawa adzatenga ndani. Adzatenga! Mwini wake ali pakhonde, akusenda lalanje.

Ndisaname, ine chidanditseka pakamwa ndi mantha. Ndikamayamwitsa ndimadzipapasa mabere, kuopa kuti nanenso ndili ndi chotupa. Ndinkaganiza kuti amayi akangokhala phee, osagwedezeka, matendawo adzawaiwala. Choncho nanenso ndidawathandiza abalewo ndi kukhala chete kwangako.

"Amayi, dzanja lija," ndidatero.

"Dzanja lili bwino. Chikundipweteka ndi inu nonse. Tagwira apa."

Adandipatsa kansalu kofewa, kozungulira, kodzaza thonje. Ndidakatembenuza kawiri ndisanazindikire kuti n'koika m'kamisolo, kumbali yopanda bere. Msoko wake unali wowongoka ngati kale.

"Azimayi anayi a pamzere wa Lachinayi kuchipatala ndidawayeza kale," adatero. "Wina amaikamo sokosi, iwe. Sokosi ya mwamuna wake! Tsiku lina idagwera m'minibasi, kondakitala n'kumutolera, ati mayi mwataya katundu."

Ndidaseka, kenako misozi idangobwera yokha. Amayi sadandipukute. Adalowetsa ulusi pasingano kamodzi kokha, opanda magalasi.

"Malume akamva akwiya," ndidatero.

"Akwiye. Dokotala adandidula bere limodzi, ndipo adayamba wandifunsa. Awa andidula manja onse awiri osandifunsa, ati ndi chikondi. Ndikusanza m'beseni, iwo ali kuti? Kudikira makina?"

"Ndiye mudamva?"

"Ndidamva zonse, mwanawe. Ngakhale kukhala chete kwako ndidakumva."

Mkwiyo wonse womwe ndidawasungira Malume ndi Azakhali udandibwerera ndekha. Mwana adalira kuchipinda, ndidakamutenga, ndipo pobwera ndidapeza amayi atapinda nsalu yofunditsa makina ija n'kuidula pakati, ati ikhala mkati mwa tinsalu tina.

"Kukacha upite kumsika ukagule lamba watsopano," adatero, maso ali pasingano. "Ukabwera tinyamulizane makinawa, abwerere pakhonde, ndipo geti likhale lotsegula. Lamlungu tiyi usaphike. Uwauze kuti wofuna kundiona abwere Lachinayi pasiteji, sikisi koloko m'mawa, adzandinyamulire beseni."