Makaseti mumphika

Kanali kamakina kotuwa, kosweka pakona, ka zogwirira ziwiri zokhala ndi zingwe zomatamata. Amalume anabwera nako kwathu ku Simlemba kuchokera ku Lilongwe, pamodzi ndi kanema wamng'ono, batire ya galimoto ndi makaseti achikasu a magemu. Anabweranso ndi chifuwa chachikulu, koma ine maso anali pa kamakinako basi.

Inali nyengo yothyola fodya. Tinkaswera m'chigafa kusoka masamba, manja bii ndi utomoni, ndipo amalume sankalola kuti ndikhudze kamakina kawo ndisanadzitsuke ndi phulusa. "Chinthu chakale chimafuna ulemu, iwe," ankatero. Fumbi ankachotsa ndi nthenga ya nkhuku, akatha n'kukakulunga m'shati yawo ya kutchalitchi. Kaseti ikakana kuyaka ankaizula n'kuuziramo, fuu fuu, kamunthu kodumphadumpha n'kutulukira pa kanema.

Pomwe fodya ankafiira pamikangala, mpweya wawo unali utachepa. Akati auzire, chifuwa chinkawagwira mpaka kutsamira khoma, thukuta kamukamu. Ndiye anayamba kundipatsa ineyo. Ha, kunyada kwake! Ndinkaika milomo pomwe pachoka yawo, n'kuuzira ndi mphamvu zanga zonse.

Amayi anali atawapatulira kale mbale, kapu ndi supuni, n'kumaziwiritsa pazokha monga anawalangizira kuchipatala. Tsiku lina anatipeza kaseti ili pakamwa panga. Sanakalipe, anangoima pakhomo atanyamula mtolo wa masamba. Mawa lake pochokera kusukulu ndinapeza makaseti onse akubwadamuka mumphika wa ziwiya za amalume, zithunzi zake zitamatuka, zikuyandama pamwamba. Kukhitchini konse kunkanunkha pulasitiki.

Ndinakuwa mpaka anthu anatuluka m'zigafa. Makasetiwo ndinawavuula ndi kamtengo n'kuwayanika pachiguduli, koma anali atapindika, osalowanso pamalo pake. Lero ndimasunga timakina takale totere m'kabati, ndipo ndikudziwa kuti ngakhale kuuzirako n'kulakwa, malovu amabweretsa dzimbiri. Koma kuwiritsa, amayi inu! Mpaka pano ndikakumbukira mtima umandiwawa, ngakhale sindikuona china chimene mayi wamantha akanachita.

Ndinathamangira ndi kaseti imodzi kukhonde komwe amalume ankagona pamkeka, kuti akamukalipire mlongo wawo. Anaitembenuzatembenuza kaseti yopindikayo ndi zala zawo zowonda, nthawi yaitali.

"Mayi ako achita bwino," anatero. "Ndipo kuyambira lero usamakhale pamkeka pano. Uzikhala uko, patsinde la mango."

Sanandiitanenso. Ndikayandikira ankatembenukira kukhoma, n'kudziphimba kukamwa ndi nsalu. Anamwalira mabelo asanakwere lole ya ku okushoni, ndipo pamaliro pawo ndinakhala chotupa, misozi osatuluka. Ine ndinkangoti anandida chifukwa ndinali nditayamba kuwapambana pa gemu.